Masiku Amene Márcia Adajomba

Olinda adamva dzina la mwana wake likutuluka m'foni ya munthu wina. Lidali Lachinayi, mwezi wa Agosito, kamphepo ka ku Lifidzi kakuluma m'makutu. Amayi asanu ndi mmodzi adali atakhala pa matumba awo a chimanga panja pa chigayo, kudikira kuti mwini wake alumikize lamba wa injini amene adaduka. Leonor, mnansi wake wa Olinda, ndiye adali ndi foni yaikulu ija yopalasa ndi chala, imene mwana wake wa ku Tete adamgulira.

"Tatontholani," adatero Leonor. "A pulofesola atumiza mawu."

M'fonimo mudamveka mawu a mzimayi, odekha koma okwera, ngati a munthu wozolowera kulankhula ndi ana makumi asanu ndi awiri nthawi imodzi.

"Makolo a ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi, mwaswera bwanji? Ndine Emilia, pulofesola wa ana anu. Mapepala amene timamata pakhoma la sukulu ali m'Chipwitikizi, ndipo ndaona kuti ambiri a inu simupeza mpata wodzawaona. Ndiye kuyambira lero ndizikuuzani za kusukulu m'chiyankhulo chathu chomwechi. Amene muli ndi foni, muwamvetseko anzanu."

Adanena za denga la kalasi limene lidasasuka ndi mphepo, nathokoza abambo amene adabweretsa mitengo. Adanena kuti kabichi wa m'dimba la sukulu wayamba kumanga mitu, ndiponso kuti Lachiwiri a zaumoyo adzabwera ndi mankhwala a njoka za m'mimba, choncho ana asadzabwere osadya. Kenaka adayamba kutchula ana amene adakhoza bwino mayeso.

"Amene waposa onse ndi Chakondwa Simão. Mtsikana ameneyu tidamsankha kalekale kuti akaimire sukulu yathu pa mpikisano wowerenga ku Ulongwe, koma kalata imene tidatumiza kwa makolo ake sinayankhidwe. Amake Chakondwa, ngati mukundimva, tikudikira inu."

Nthungululu zidalira pachigayopo. Mayi wina adamkoka Olinda nsalu, wina adamsisita kumsana.

"Amake Márcia!" adakuwa Leonor. "Mumangokhala phee chonchi muli ndi mwana wotere m'nyumba? Osatiuzako?"

Olinda adangoseka nawo. Za kalatayo sadazidziwe. Zoti Chakondwa amaposa onse sadazidziwenso.

Adali ndi atsikana awiri m'kalasi imodzimodziyo. Márcia, woyamba kubadwa, adali ndi zaka khumi ndi zinayi. Adayamba sukulu mochedwa, nabwereza kalasi yachitatu, ndiye mng'ono wake Chakondwa adampeza, ndipo kuyambira pamenepo ankapita limodzi. Pakutha pa miyezi itatu iliyonse ankabwera ndi makadereneta awo, timabuku timene apulofesola amalembamo mmene mwana wachitira. Olinda adalekera sukulu kalasi yachiwiri. Dzina lake ankatha kulijambula, chilembo ndi chilembo, ndipo ankalijambuladi pamzere umene Chakondwa wamloza. Zotsalazo Chakondwa ndiye ankawerenga.

"Tonse tili pakatikati, amayi," ankatero nthawi zonse. "Sitili kutsogolo, sitili kumbuyo."

Tsiku lina Olinda adafunsapo chifukwa chake manambala a m'kadereneta ya Márcia adali ofiira pamene a Chakondwa adali abuluu. Chakondwa adayankha msangamsanga kuti ana amene adabwerezapo kalasi amawalemba ndi cholembera chofiira kuti asawasokoneze ndi anzawo. Zidamveka. Olinda sadafunsenso.

Madzulo a tsiku la kuchigayolo sadawafunse atsikanawo za kalatayo. Adangokhala pakhonde akusankha nyemba, maso ali pa ana ake. Márcia adali atabereka Benedito, kamlongo kawo ka chaka chimodzi ndi theka, akuwaza nkhuni kwinaku akuyang'anira mphika wa ndiwo. Chakondwa adali pachiwundo cha khomo, buku pamaondo, milomo ikugwedera. Chithunzi chimenechi Olinda ankachiona tsiku ndi tsiku, koma madzulo amenewo adachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka nyemba zofumbwa adaziponya kumodzi ndi zabwino.

Lolemba, ana atapita, adasolola makadereneta awiri aja m'sutikesi, nawakulunga m'kansalu. Adabereka Benedito, nauyamba ulendo wa kusukulu. Njirayo adali asadaipondepo kuyambira tsiku limene adakalembetsa Chakondwa.

Adafika nthawi yopuma. Ana adali balala pabwalo, fumbi lili koboo. Mtsikana wina adamlozera mayi wamfupi wovala juzi yobiriwira, amene adakhala pa benchi padzuwa akuchonga makope. Adali a Emilia. Atamva kuti ndi amake Chakondwa, adaimirira, namgwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndiye uthenga udakufikani! Ine ndimati mwina abambo akukana kuti mwana apite ku Ulongwe."

"Palibe adakana," adatero Olinda. "Kalatayo sitidaione n'komwe."

Adamasula kansalu kaja, naika timabuku tiwiri pa benchi.

"A pulofesola, ine sindidapite patali ndi sukulu. Manambala ndimawadziwa, ndimagulitsa nyemba kumsika. Koma awa ndiuzeni tanthauzo lake. Musandibisire."

A Emilia adamyang'ana pang'ono, kenaka adasendera kuti akhale pafupi. Adatsegula kadereneta ya Chakondwa.

"Nambala yaikulu kuposa zonse ndi makumi awiri. Khumi ndiye malire. Mwana akapeza khumi kapena kupitirira, wakhoza, timalemba ndi buluu. Akalephera kufika pa khumi, timalemba ndi chofiira. Onani apa: khumi ndi zisanu ndi zitatu. Apa khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Nanga uyu?"

Kadereneta ya Márcia idali yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, kupatula mzere umodzi. Olinda adayendetsa chala. Zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi ziwiri. Zisanu. Sadafunenso womuwerengera. Chala chidaima pa nambala yabuluu ija.

"Amenewo ndi masamu," adatero a Emilia. "Khumi ndi imodzi. Márcia masamu amawerengera m'mutu, ine ndisanamalize kulemba pa bolodi. Si mwana wopanda nzeru, amayi."

"Ndiye chimamvuta n'chiyani?"

A Emilia adalowa m'kalasi, natuluka ndi buku lalikulu la mayina, limene amaitanira ana m'mawa uliwonse. Adalitsegula pamaondo pawo, napeza mzere wa Márcia.

"Kuyambira mwezi wa Fevereiro mpaka lero, wajomba masiku makumi atatu ndi limodzi."

"Makumi atatu?" Olinda adatsala pang'ono kuseka. "Ayi, a pulofesola. Mwana wanga sathawa sukulu. Sayenda m'njira ngati ena."

"Ndikuwerengereni masikuwo?"

Adayamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata timitanda. Lachisanu. Lachisanu linanso. Lachisanu lotsatira. Olinda adawazindikira masikuwo. Lachisanu ndi tsiku la msika, ndipo munthu sungasenze dengu la nyemba mtunda wonse uja mwana ali kumsana, ndiye Benedito ankatsala ndi Márcia. Kenaka mlungu wathunthu m'mwezi wa Marso. Pamenepo ndi pamene Benedito adagonekedwa kuchipatala ndi malungo, ndipo pakhomo pankafunika wophika ndi wotsekera mbuzi. Masiku anayi m'mwezi wa Mayo: kukolola. Masiku awiri: maliro a azakhali ku Domwe. Tsiku limodzi lapadera limene Olinda adalisinkhasinkha osalikumbuka, kenaka adalikumbuka: adadzuka mutu ukumuwawa, nangoti, "Márcia, lero tsala."

Tsiku lililonse ankalidziwa. Palibe ndi limodzi lomwe limene mwanayo adajomba mwa yekha. Ndipo pa masiku onsewo, m'mawa uliwonse, ankadziuza kuti ndi lero lokha.

Benedito adayamba kulira kumsana. Olinda adamtembenuzira kutsogolo, nampatsa bere, nkhope ataweramitsa kuti a pulofesola asaone maso ake.

"Ndidakulemberani kawiri za kujombaku," adatero a Emilia motsitsa mawu. Kenaka adapukusa mutu. "Koma nanenso ndidalakwa. Ndidalemba m'Chipwitikizi, n'kupatsira mwana yemweyo kuti akupatseni. Ndiye ndimayembekezera chiyani? Kwanu si kutali. Ndikadangobwera."

"Mukadabwera mukadampeza ali ndi mwana kumsana," adatero Olinda, "ine ndili kumsika."

Belu lidalira. A Emilia adatulutsa pepala lina lachilolezo cha ulendo wa ku Ulongwe, naliwerenga lonse mokweza, akulimasulira mzere ndi mzere. Olinda adajambula dzina lake. Kadali koyamba kulijambula pansi pa mawu amene wawamva onse.

Masana ake adawatengera atsikanawo kudimba, kumene kudalibe makutu a anansi. Adathirira mbatata mizere iwiri. Kenaka Olinda adaika pansi chitini chothiririra, nakhala pamphepete pa ngalande.

"Ndinali kusukulu," adatero. "Chofiira ndachidziwa tanthauzo lake."

Chakondwa adayamba kulira nthawi yomweyo, kulira kwa mwana amene wasenza chinthu cholemera nthawi yaitali. Márcia sadalire. Adaima chilili, madzi akudontha m'chitini n'kumagwera pa mapazi ake.

"Ndani adayambitsa?"

"Ndine," adatero Chakondwa akusisima. "Achemwali sadanditume."

"Chifukwa chiyani?"

"Atate adati achemwali akadzalepheranso adzawasiyitsa sukulu. Adanena pa Khirisimasi, inu muli pomwepo."

Olinda adakumbuka. Simão, mwamuna wake, adanenadi, akutafuna chimanga chootcha, mopanda ukali, monga mmene munthu amanenera za mvula. Iye sadaganize kuti mawuwo adagwera m'khutu la wina aliyense.

"Nanga kalata ya ku Ulongwe?"

"Ndidaiponya m'chimbudzi. Ndikadakupatsani mukadafunsa kuti nanga bwanji asankha ine ndekha, tonse tili pakatikati."

"Ine ndidamuuza kuti akupatseni," adatero Márcia. Mawu ake adali owuma. "Ndidati pita ku Ulongwe, za ine zisiye. Sadamve."

Olinda adatembenukira kwa iye. Adaona kuti mwanayo watalika, watsala pang'ono kumpeza, ndipo manja ake ngokhakhala ngati a mayi wa ana atatu.

"Iwe, bwanji sudandiuze kuti ukutsalira? Bwanji sudanene kuti amayi, lero kuli mayeso?"

Márcia adayang'ana kumbali, kumene kudali mitengo ya mapichesi yopanda masamba.

"Mukati tsala, ndinganene chiyani? Ndiye Benedito atsale ndi ndani? Ndikapita Lolemba ndimapeza anzanga ali patsogolo. Ndikafunsa amaseka, akuti chimtsikana chachikulu chosadziwa kuwerenga. Ndiye ndidasiya kufunsa. Masiku ena mukati tsala, ndimakondwa."

Mawu otsirizawo ndi amene adamulasa Olinda kuposa onse. Adafuna kukalipa, koma sadapeze womukalipira. Adafuna kupepesa, koma sadadziwe mmene mayi amapepesera mwana wobala yekha. Adangodzuka, natenga chitini m'manja mwa Márcia.

"Lachisanu upita kusukulu," adatero. "Ndi Lachisanu linalo."

Simão ankabwera Loweruka lililonse kuchokera ku Kalomwe, kumalire, kumene ankanyamula katundu wa amalonda pa njinga. Adafika masana, miyendo ili mbuu, nakhala pa mpando wake pansi pa mpichesi. Nkhani ya Chakondwa adali ataimva kale m'njira, kwa anthu atatu osiyana, ndipo nkhope yake idali yowala.

"Akuti mwana wa Simão waposa onse! Mpaka osintha ndalama a pamalire andigwira chanza."

Olinda adamsiya asambe ndi kudya. Kenaka adabweretsa makadereneta, namlongosolera monga a Emilia adamlongosolera iye: makumi awiri, khumi, buluu, chofiira. Simão adafika kalasi yachinayi, ndipo manambalawo akadatha kuwamva kalekale akadakhala kuti adatsegulapo timabukuto. Adayang'ana ya Márcia nthawi yaitali.

"Ndiye basi," adatero potsiriza. "Wina mutu ulipo, wina palibe. Ana sakhala ofanana. Márcia azikuthandizani pakhomo pano."

"Wandithandiza kale," adayankha Olinda. "Masiku makumi atatu ndi limodzi. A pulofesola andiwerengera limodzilimodzi. Onsewo ndidamlanda ndine, atate ake a Márcia. Inunso mudali pomwepo pokolola, mudati atsale tithane nazo msanga."

"Nanga chimanga chikadawolera kumunda?"

"Sindikuti chikadawola. Ndikuti tisanene kuti alibe mutu. Sitidaupatse mpata mutuwo."

Simão adatenga nsanza, nayamba kupukuta tcheni cha njinga chimene chidali choyera kale. Olinda ankamdziwa mwamuna wake: akagonja sanena, amapeza chogwira. Patapita nthawi adafunsa, osadzutsa mutu, kuti ku Ulongweko ndi liti, ndipo shapa yoyamba, minibasi ya m'mawa, imadutsa nthawi yanji pamsewu.

Tsiku la mpikisano Simão adamkweza Chakondwa pa njinga mpaka kumsewu, kumene a Emilia ankadikira. Mtsikanayo adabwerako madzulo atakhala wachitatu pa ana a masukulu onse amene adafika. Adampatsa buku lomasulira mawu a Chipwitikizi ndi makope anayi. Adalongosola za holo yaikulu, za chokuzira mawu chimene chidamuopsa poyamba, za mpunga ndi nkhuku zimene adadya masana. Makope awiri adapatsa mkulu wake. Mawa lake mawu a a Emilia adamvekanso m'foni ya Leonor, ndipo ulendo uno Olinda adali atadziwa kale zonse zimene zinkanenedwa.

Lachisanu loyamba lidali lowawa. Dengu pamutu, Benedito kumsana, mtunda wa maola awiri. Kumsika mwanayo adagwetsa mulu wa tomato wa mayi woyandikana naye, ndipo Olinda adapepesa mpaka pakamwa kuuma. Lachisanu lachitatu adagwirizana ndi Leonor: Leonor azitsala ndi Benedito tsiku la msika, Olinda azimgulitsirako nyemba zake. Adadabwa kuti nzeru yapafupi chonchi sidamfikire chaka chonse. Sidamfikire chifukwa Márcia adalipo.

A Emilia nawo adayamba kutsala ndi ana asanu ndi atatu otsalira, Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka. Márcia ankabwera mochedwa masiku amenewo, ndipo nkhuni Olinda ankawaza yekha. Nthawi zina ankamumva kuseri kwa nkhokwe akuwerenga mokweza, mawu amodziamodzi, akukakamira ngati ngolo m'matope, Chakondwa akumkonza. Nthawi zina kuwerengako kunkathera m'mkangano, buku n'kuponyedwa pansi.

Mvula yoyamba idagwa pakati pa mwezi wa Novemburo, usiku wa Lamulungu. Lolemba m'mawa mudzi wonse udathamangira kuminda, ana ndi akulu omwe, chifukwa nthaka ikanyowa sidikira munthu. Simão adali ku Kalomwe. Olinda adaima pakhomo ndi khasu ndi thumba la mbewu, akuyang'ana munda wake wonse uli yekha. Márcia adatuluka atavala chitenje chakumunda, osati yunifolomu.

"Lero lokha, amayi," adatero. "Simungathe nokha."

Olinda adamva mawu akewake akutuluka m'kamwa mwa mwana. Mtima wake udafunitsitsa kuvomera. Awiri akadamaliza masiku atatu.

"Kavale," adatero. "Mayeso atsala milungu iwiri."

Adabzala yekha masiku asanu ndi limodzi, atsikana akumthandiza madzulo okha. Chigawo chakumunsi chidabzalidwa mochedwa, ndipo chimanga chake chidamera mwa apo ndi apo.

Zotsatira za mayeso zidamatidwa pakhoma la sukulu Khirisimasi itayandikira. Olinda adapita ndi atsikana ake onse awiri. A Emilia adaima pafupi ndi khomalo, akuwerengera kholo lililonse limene lafuna, motsitsa mawu kuti ena asamve. Chakondwa adakhoza, monga aliyense ankayembekezera. Atafika pa Márcia, a Emilia adawatengera pambali.

"Masamu wapeza khumi ndi zitatu. Zina ziwiri wafika pa khumi. Koma Chipwitikizi wapeza zisanu ndi zitatu, ndipo china chatsalanso pang'ono. Sadakhoze, amayi. Miyezi itatu inachepa kuti akwirire dzenje la chaka chonse."

Olinda adaganiza za chigawo chakumunsi chija, ndi nkhuni zonse zimene adawaza yekha. Adali atadziuza kuti zonsezo zigula chinachake. Márcia adangotembenuka, nauyamba wa kunyumba yekha, osadikira munthu.

Mwezi wonse wa Janeiro sadafune kumva za sukulu. Adati sangakhalenso pa benchi limodzi ndi tiana tobadwa dzulo, mng'ono wake ali ku sekondale. Ankadzuka m'mamawa n'kupita kukapalira asanatumidwe. Simão, amene Olinda ankaopa kuti akumbutsa mawu ake aja omsiyitsa sukulu, sadawakumbutse. Loweruka lina adabwera ndi nsapato zakuda za nambala ya Márcia, naziika pawindo. Zidakhala pamenepo milungu iwiri, zikutola fumbi.

A Emilia adabwera okha, wapansi, matope mpaka m'akakolo. Adakhala ndi Márcia kuseri kwa nkhokwe pafupifupi ola lathunthu. Olinda sadamve zimene adakambirana, ndipo sadafunse. Atamaliza, a Emilia adabwera kudzakhala naye pakhonde, nalandira chimanga chachiwisi chophika.

"Sanalonjeze," adatero. "Koma wafunsa ngati ndidzakhale ndine pulofesola wake. Ndamuuza kuti inde." Adakukuta chimanga pang'ono. "Ndili ndi pempho kwa inu, amayi. Mawu a m'foni aja amafika kwa amene ali ndi foni, ndi amene akhala pafupi. Ndipo m'foni ndingatchule okhoza okha. Za mwana amene akujomba kapena akutsalira sindinganene pagulu, ndingamchititse manyazi. Zimenezo zimafuna munthu wopita pakhomo. Chaka chino tikusankha mayi wa kalasi m'mudzi uliwonse. Ndimaganiza inu."

"Ine? Wosadziwa kuwerenga? Amene mwana wake walephera?"

"Inu mudakhalapo pa benchi lija. Mukudziwa mmene zimamvekera."

Olinda adati aganiza. Adaganiza masiku atatu, navomera.

Sukulu itatsegulidwa mu Fevereiro, Chakondwa adalowera njira ya kumsewu, ya ku sekondale. Márcia adatuluka mochedwa, maso ali pansi, yunifolomu itamthina m'mapewa. Sadatsanzike. Olinda adamyang'ana akutsika kudambo mpaka chimanga chidambisa. Chaka chimenecho Márcia adajomba masiku awiri okha, onse chifukwa cha malungo, ndipo mu Dezemburo adakhoza. Sadakhale kutsogolo. Adangokhoza, ndi khumi ndi imodzi pa Chipwitikizi.

Koma zimenezo zidali kutsogolo. Mlungu wachinayi wa sukulu, a Emilia adampatsa Olinda dzina loyamba: mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, amene adali atajomba kale masiku asanu ndi limodzi. Olinda adapita Lachitatu masana. Adapeza mayi wake ali woyembekezera, mimba yaikulu, akuyesetsa kutsitsa ndowa ya madzi pamutu, tiana tiwiri tikumkoka chitenje. Mtsikanayo adali pamtondo. Bambo padalibe, maonekedwe a pakhomopo okha ankanena.

M'njira monse Olinda adali atakonza mawu, koma ataona ndowayo mawuwo adathawa. Adathamangira kukamlandira mayiyo ndowayo, naitula pansi. Adapatsidwa mphasa, nakhala. Adafunsana za moyo, za mvula, za mbozi zimene zidagwa m'chimanga chaka chimenecho. Mayiyo ankamyang'ana mochenjera, chifukwa adadziwa kuti mayi wa kalasi sayendera mbozi.

"Mwezi wake ndi uti?" adafunsa Olinda, akuloza mimbayo ndi maso.

"Wamawa."

"Madzi mumatunga kuti?"

"Kumjigo wa kutchalitchi. Wa pafupiwu udawonongeka."

"Ine ndimadutsa pomwepo m'mawa uliwonse popita kudimba," adatero Olinda. "Ndowa imodzi sindingalephere." Adayang'ana kumtondo, kumene munsi udali utasiya kugunda. "Muitaneni mwanayo adzakhale nafe. Pali zimene a pulofesola andituma, ndipo ndi bwino azimve yekha."